Russia ndi China: Ndani Akuopseza Kwambiri Demokalase ya Mayiko a Azungu?

Dalitso Mbewe:
Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene ndikupempha kuti tiisinkhesinkhe modekha. Pamsonkhano wa NATO, mgwirizano wa asilikali wa America, Canada ndi mayiko ambiri a ku Ulaya, umene unachitikira ku Madrid m'mwezi wa Juni 2022, atsogoleri a mayiko a mgwirizanowo anagwirizana kuti dziko la Russia ndilo chiopsezo chachikulu ndiponso choyandikira kwambiri pa chitetezo chawo, pamene dziko la China analitchula ngati lopikisana ndi zofuna zawo, osati mdani. Ine ndikuona kuti muyeso umenewu ndi wa asilikali, ndipo asilikali amawerenga akasinja ndi mizinga. Koma tikafunsa kuti ndani angachititse boma losankhidwa ndi anthu kulephera kuchita zimene anthuwo analisankhira, yankho langa ndi China.

Chifukwa changa chachikulu ndi ichi. M'chaka cha 2021, pafupifupi 55 peresenti ya gasi amene dziko la Germany linkagula kunja ankachokera ku Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka pa 24 Febuluwale 2022, gasi wodzera m'paipi ya Nord Stream anasiya kufika kumapeto kwa Ogasiti, koma pofika Disembala chaka chomwecho dziko la Germany linali litatsegula kale doko lolandirira gasi wobwera pa sitima ku Wilhelmshaven. Zinawapweteka ndithu, mitengo inakwera ndipo mafakitale ena anachepetsa ntchito, komabe analekana ndi Russia chaka chisanathe. Tsono taganizirani Germany yomweyo ikuyesa kulekana ndi China, dziko limene inkachita nalo malonda ochuluka kuposa lina lililonse kuyambira 2016 mpaka 2023, kumene kampani ya Volkswagen yakhala ikugulitsa pafupifupi galimoto imodzi mwa zitatu zilizonse zimene imapanga. Mdani amene ungathe kumutsekera chitseko ndi woopsa, koma sangakulamulire pakamwa. Amene sungathe kulekana naye ndiye amakuuza zoti unene ndi zoti usanene.

Mayi Nabanda (Leeds):
A Mbewe, mfundo yanu ndaimva, koma sindingavomere kuti tiyike pambuyo dziko limene lapha anthu m'misewu ya mayiko amene tikuwakambawa. Kuno ku Britain nkhani ya ku Salisbury anthu sanaiiwale. Pa 4 Marichi 2018, Sergei Skripal, amene kale anali kazitape wa asilikali a Russia koma n'kuyamba kugwirira ntchito Britain, anapezeka ali chikomokere pa benchi pakati pa tawuni pamodzi ndi mwana wake wamkazi, Yulia. Poizoni wa Novichok anali atapakidwa pa chogwirira cha chitseko cha nyumba yake. Awiriwo anapulumuka, koma anthu amene anabwera ndi poizoniyo anataya botolo lake, limene linapangidwa mofanana ndi botolo la pefyumu. Patapita pafupifupi miyezi inayi, bambo wina amene analitola anakalipereka ngati mphatso kwa bwenzi lake, Dawn Sturgess, ndipo mayiyo anadzipopera pamkono osadziwa kanthu. Anamwalira m'Julayi, n'kusiya ana atatu, iye wosakhudzidwa m'pang'ono pomwe ndi nkhani za ukazitape.

Ndipo aka sikanali koyamba. Mu 2006 Alexander Litvinenko anamwetsedwa tiyi wothiramo poizoni wa polonium mu hotelo ina ya mu London. Mu Ogasiti 2019 munthu wina wothawa kwawo anawomberedwa masanasana m'paki ya Kleiner Tiergarten ku Berlin, ndipo bwalo la milandu la Germany linapeza kuti wakuphayo, Vadim Krasikov, anatumidwa ndi boma la Russia. Pamene Krasikov anamasulidwa posinthana akaidi mu Ogasiti 2024, Putin mwini wake anakamulandira pabwalo la ndege n'kumukumbatira. Boma limene lingachite zotere likuuza munthu aliyense wolitsutsa kuti malamulo a Britain kapena a Germany sangamuteteze. Kodi demokalase imatsala ndi chiyani ngati wothawira m'dziko lako akuphedwa pakhomo pake?

Che Jafali:
Ndiwonjezere pa zimene mayi Nabanda anena. Ndege yonyamula anthu ya MH17, ya kampani ya Malaysia Airlines, inagwetsedwa kum'mawa kwa Ukraine mu Julayi 2014, ndipo anthu 298 anafa, mwa iwo 196 anali a ku Netherlands. Bwalo la milandu la dzikolo linapeza mu 2022 kuti mzinga umene unaigwetsa unachokera ku Russia. Komanso tisaiwale zida za nyukiliya, pakuti Russia ili ndi mabomba oposa 5,000 pamene China ili ndi pafupifupi 600. Mayiko a Finland ndi Sweden, amene anakhala zaka zambirimbiri osalowa mgwirizano wa nkhondo uliwonse, analowa NATO mu 2023 ndi 2024. Iwowo sanathawe China.

Dalitso Mbewe:
Mayi Nabanda ndi Che Jafali, imfa zimene mwatchulazo ndi zoona ndipo ndi zomvetsa chisoni, sindikuzichepetsa. Koma taonani zimene zinatsatira. Pambuyo pa Salisbury, mayiko oposa 20 anathamangitsa ogwira ntchito ku maofesi a akazembe a Russia oposa 150. Pambuyo pa 2022, Finland ndi Sweden analowa NATO, monga mwanenera. Nthawi iliyonse imene Russia yamenya, mayiko a azungu adzuka n'kugwirana manja, ndipo aphungu awo alankhula mokweza kuposa kale.

Tsopano tiyeni tione mbali inayi. Mu 2010 komiti ya Nobel ku Norway inapereka mphoto ya mtendere kwa Liu Xiaobo, amene anali m'ndende ku China chifukwa cha zolemba zake. China inaziziritsa ubale wake ndi Norway kwa zaka zisanu ndi chimodzi, malonda a nsomba za salimoni anasokonekera, ndipo pamene Dalai Lama, mtsogoleri wa chipembedzo wa ku Tibet amene boma la China limadana naye, anafika ku Oslo mu 2014, palibe nduna ya boma ngakhale imodzi imene inakumana naye. Palibe mfuti imene inalira, koma boma losankhidwa ndi anthu linatseka pakamwa. Mu 2016 kampani ya boma la China yotchedwa COSCO inagula gawo lalikulu la doko la Piraeus ku Greece, ndipo chaka chotsatira Greece inaletsa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya kutulutsa chikalata chodzudzula China pa nkhani ya ufulu wa anthu ku United Nations. Mu Disembala 2018 Canada itamanga Meng Wanzhou wa kampani ya Huawei popemphedwa ndi America, China inatsekera nzika ziwiri za Canada, Michael Kovrig ndi Michael Spavor, kwa masiku oposa 1,000, ndipo anamasulidwa tsiku lomwelo limene Meng analoledwa kubwerera kwawo. Mu 2021 kadziko ka Lithuania kanalola Taiwan, chilumba chimene China imati ndi chake, kutsegula ofesi ku Vilnius, ndipo katundu wake anayamba kukanidwa pa madoko a China, mpaka makampani a mayiko ena amene ankagula zipangizo ku Lithuania anayamba kupanikizidwa. Makolo anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malonda amene analemeretsa mayiko amenewa kwa zaka 20 ndi omwewo amene tsopano amachititsa nduna zawo kuyesa mawu katatu zisanalankhule.

Mayi Nabanda (Leeds):
A Mbewe, mwasiya Australia, ndipo ndikuganiza kuti nkhani ya Australia ikutsutsana nanu. Mu 2020 boma la dzikolo linapempha kuti pachitike kafukufuku wa chiyambi cha Covid-19, ndipo China inalanga balere wake ndi msonkho wa 80 peresenti, vinyo wake ndi msonkho woposa 200 peresenti, n'kuletsanso malasha ndi katundu wina. Australia sinagwade. Inapeza misika ina, inalowa mgwirizano wa chitetezo ndi Britain ndi America wotchedwa AUKUS mu 2021, ndipo pofika Marichi 2024 China yokha inachotsa msonkho wa vinyo uja. Lithuania nayonso ofesi ija sinaitseke. Chilango cha malonda chimapweteka koma chimatha, pamene mizinda ya ku Ukraine ya Mariupol ndi Bakhmut inasanduka mabwinja ndipo akufa sadzabwerera.

Tiyamike Chisale:
Ine ntchito yanga ndi yosamalira makompyuta a kampani, choncho ndiloleni ndilowere mbali imeneyo, chifukwa ndi kumene kusiyana kwa mayiko awiriwa kumaoneka bwino. Mu Juni 2017 akazitape a asilikali a Russia anabisa pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya m'pulogalamu imene makampani a ku Ukraine ankagwiritsa ntchito polipira misonkho. Inafalikira dziko lonse m'maola ochepa, inapha makompyuta a kampani ya sitima ya Maersk mpaka madoko ena anayima, ndipo boma la America linayerekeza kuti chuma chimene chinawonongeka chinafika madola 10 biliyoni. Amene anaitumiza sanasamale kuti igwera ndani. Mu 2007 Estonia inachitidwanso chipongwe chofanana itasuntha chipilala cha msilikali wa Soviet Union mu Tallinn, mabanki ndi nyuzipepala n'kuzimitsidwa pa intaneti.

Za China ndi zina. Mu 2015 zinadziwika kuti mafayilo a anthu oposa 21 miliyoni anabedwa ku ofesi imene imasunga mbiri ya ogwira ntchito m'boma la America, kuphatikizapo mafomu amene munthu amalembamo ngongole zake, matenda ake ndi abale ake akunja akamafunsira ntchito ya chinsinsi. Palibe kompyuta imene inazima, ndipo akubawo anakhalamo miyezi yambiri osadziwika. Kenako mu Meyi 2023 kunaululika za gulu limene akatswiri analitcha Volt Typhoon, limene linapezeka m'makompyuta oyendetsa madzi, magetsi ndi matelefoni ku America, kuphatikizapo pa chilumba cha Guam pamene pali malo akuluakulu a asilikali. Chimene chinadetsa nkhawa akatswiri n'chakuti gululi silinkaba chilichonse chooneka. Linkangokhala phee, likugwiritsa ntchito zida zimene zili kale m'kompyutamo kuti lisaoneke, ndipo m'malo ena linakhalamo zaka zosachepera zisanu. Akuluakulu a chitetezo ku America anati cholinga chake n'kudikira tsiku la nkhondo ya Taiwan kuti adzazimitse madzi ndi magetsi. China imakana zonsezi. Kwa ife a ntchito imeneyi, wokuwonongera amene umamuona lero umatha kumukonzekera, koma amene ali kale m'kati ndipo sukudziwa kuti ali m'zipinda zingati ndiye amasowetsa tulo. Pamenepa ndili kumbali ya a Mbewe.

Che Jafali:
A Chisale, nanga pa zisankho? Pakuti mutu wathu ndi demokalase, ndipo mtima wa demokalase ndi voti. Kafukufuku wa Robert Mueller, wofufuza wapadera wa boma la America, amene anatuluka mu 2019 anasonyeza kuti mu 2016 kampani ya Internet Research Agency ya ku St Petersburg inalemba anthu ntchito yodzionetsa ngati nzika za America pa Facebook ndi Twitter, ena ngati akuda okwiya, ena ngati azungu okwiya, cholinga chake n'kukolezera udani umene unalipo kale. Akazitape a asilikali a Russia anabanso makalata a chipani cha Democratic n'kuwatulutsa nthawi ya kampeni. Sindikudziwapo ntchito ya China yofika pamenepo.

Tiyamike Chisale:
Che Jafali, pa kusokoneza maganizo a ovota Russia ndiyo ili patsogolo, ndikuvomera. Koma mu Marichi 2024 boma la Britain linanena kuti anthu ogwirizana ndi boma la China ndiwo anathyola makompyuta a bungwe loyendetsa zisankho la dzikolo, mmene munali mayina ndi maadiresi a ovota pafupifupi 40 miliyoni. Ku Canada nakonso boma linakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi woweruza Marie-Josée Hogue, ndipo komitiyo inapeza kuti China ndiyo inkalowerera kwambiri m'ndale za dzikolo, ngakhale kuti sinasinthe boma limene linapambana. Njira yake si phokoso la pa Facebook ayi. Ndi kusankha phungu mmodzimmodzi, kumuthandiza pa chisankho cha m'chipani kapena kumudetsa pakati pa ovota ochokera ku China.

Nkhani ya Romania ndiyo imandivuta kwambiri. Mu Disembala 2024 bwalo lalikulu loona za malamulo a dzikolo linathetsa gawo loyamba la chisankho cha pulezidenti, limene Călin Georgescu anapambana mosayembekezereka, pambuyo pakuti nthambi za chitetezo zatulutsa zikalata zosonyeza kuti kampeni yake inakwezedwa mwachinyengo pa TikTok, ndipo chala chinaloza ku Russia. TikTok ndi ya kampani ya ByteDance ya ku China. Ndiponso ovota ambiri a ku Romania anaona ngati oweruza ndiwo awabera voti. Pamenepo demokalase inavulala kawiri, poyamba ndi olowerera, kachiwiri ndi mankhwala amene anaipatsa.

Bambo Chirwa:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndili ndi ziwiri zoti ndinene. Choyamba, mukukambirana ngati kuti mayiko awiriwa ali m'mabwalo osiyana. Pa 4 Febuluwale 2022, kutatsala masiku 20 kuti asilikali a Russia alowe mu Ukraine, Putin ndi Xi Jinping anakumana ku Beijing n'kulengeza ubwenzi wopanda malire. Azungu atasiya kugula mafuta a Russia, China ndi India ndiwo anawagula. Makina a m'mafakitale ndi tizipangizo ta magetsi timene timalowa m'mizinga ya Russia, zambiri zimadzera ku China, ndipo n'chifukwa chake NATO pamsonkhano wa ku Washington mu Julayi 2024 inanena poyera kuti China ndiyo ikuchirikiza nkhondoyo. Chuma cha Russia chili pafupi ndi madola 2 thililiyoni pa chaka, cha China chili pafupi ndi 18 thililiyoni. Popanda msana wa China, Russia sikanapirira nthawi yaitali chonchi. Choncho, mayi Nabanda, ena mwa mabwinja a ku Ukraine amene mwatchulawo muwawerengere mbali zonse ziwiri.

Chachiwiri, tisamalankhule ngati azungu ndi ana a nkhosa. Pamene America ndi Britain analowa mu Iraq mu 2003 ponena za zida zimene sizinapezeke, anapatsa Putin chonamizira chimene amachitchula mpaka lero. Izi sizikuyeretsa Russia, ndipo Malawi anachita bwino kukhala m'gulu la mayiko 141 amene anadzudzula nkhondo ya ku Ukraine ku United Nations mu Marichi 2022, pamene South Africa, Mozambique ndi Zimbabwe sanavote mbali iliyonse. Koma mabodza a Russia amamera pa nthaka imene atsogoleri a azungu analima okha, pamene nzika zawo zinasiya kuwakhulupirira.

Dalitso Mbewe:
Bambo Chirwa, zikomo, ndipo mfundo yanu yoyamba ikulimbitsa yanga. Ngati Russia ikuyimirira chifukwa China yaigwira, ndiye kuti mphamvu yeniyeni ili ku Beijing. Mayi Nabanda, za Australia mwanena zoona, koma Australia inali ndi chimene China sikanatha kuchisiya, ndicho miyala ya chitsulo, ndipo pa miyala imeneyo China sinaikepo chilango. Mayiko ambiri alibe mwayi wotero. Pafupifupi 90 peresenti ya ntchito yoyenga miyala yosowa imene amapangira maginito amphamvu imachitikira ku China, ndipo maginito amenewo ali m'galimoto za magetsi, m'makina opanga magetsi ndi mphepo, komanso m'ndege za nkhondo. China itayamba kuchepetsa kutumiza kunja miyala ndi maginito amenewa mu Epulo 2025, mafakitale ena a galimoto ndi zipangizo zake ku America ndi ku Ulaya anayimitsa ntchito patangopita milungu yochepa. Doko la gasi limamangidwa m'miyezi, koma mgodi ndi fakitale yoyengera zimatenga zaka zambiri. N'chifukwa chake mukuona makampani a ku Australia ndi Canada akuthamangira ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe ku Phalombe, kumene kuli miyala imeneyi. Ndiye palinso Taiwan, kumene kampani ya TSMC imapanga pafupifupi machipi onse apamwamba kwambiri a makompyuta ndi mafoni. Tsiku limene sitima za nkhondo za China zidzazinge chilumbacho, mavuto a gasi a 2022 adzaoneka aang'ono.

Che Jafali:
A Mbewe, inu mukunena za tsiku limene lidzafike, ine ndikunena za zimene zikuchitika kale. Mu Marichi 2024 nyumba yosungiramo katundu wopita ku Ukraine inatenthedwa ku Leyton mu London ndi anyamata a ku Britain komweko amene analembedwa ganyu pa Telegram ndi Wagner, gulu la asilikali aganyu la ku Russia. Mu Julayi chaka chomwecho maphukusi anayaka moto m'malo osungira katundu wa ndege ku Leipzig ndi pafupi ndi Birmingham. Akanayakira m'mwamba bwenzi tikunena za ndege yogwa. Pa Khirisimasi ya 2024 sitima ya mafuta yotchedwa Eagle S, imene inachokera ku doko la Russia, inakoka nangula wake pansi pa nyanja kwa makilomita ambirimbiri n'kudula nthambo ya magetsi ya pakati pa Finland ndi Estonia, ndipo apolisi a Finland anaikwera n'kuigwira. Mu Sepitembala 2025 ndege zopanda oyendetsa za Russia zinalowa mu Poland usiku, mpaka ndege za NATO zinagwetsapo zina. Munthu wa ku Warsaw kapena ku Tallinn mukamuuza kuti adere nkhawa maginito, sangakumveni.

Mayi Nabanda (Leeds):
Che Jafali anena zimene zili mumtima mwanga. Komabe pali anthu kuno amene kwa iwo China si nkhani ya mawa, ndipo sindingawadumphe. Mu Okutobala 2022 anthu a ku Hong Kong ankachita zionetsero kunja kwa ofesi ya boma la China ku Manchester, ndipo amuna anatuluka m'mpandamo, anang'amba zikwangwani, n'kukokera mmodzi wa ochita zionetserowo m'kati mwa geti n'kuyamba kumumenya, mpaka wapolisi wa Britain anachita kumukoka kuti atuluke. Mu Julayi 2023 apolisi a Hong Kong analonjeza madola a Hong Kong 1 miliyoni kwa aliyense wothandiza kugwira anthu asanu ndi atatu othawira kunja, mmodzi mwa iwo Nathan Law amene anapatsidwa malo kuno. Ndimapemphera ndi mabanja ena a ku Hong Kong, ndipo ndaona mayi wamkulu akusuntha n'kubisa nkhope pamene wina watulutsa foni kuti ajambule gulu, chifukwa ali ndi abale amene anatsala kwawo. Zimenezi zikuchitika m'dziko limene malamulo ake amati aliyense alankhule momasuka.

Bambo Chirwa, palinso mbali ina imene ikufika mpaka kwathu. Mu Febuluwale 2025 Keir Starmer, monga nduna yaikulu ya dziko lino, analengeza kuti Britain ikweza ndalama za asilikali kufika pa 2.5 peresenti ya chuma chake pofika 2027, ndipo ndalamazo azitenga pochepetsa thandizo la mayiko osauka kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti. Mu Juni chaka chomwecho mayiko a NATO anagwirizana ku The Hague kuti pofika 2035 azidzagwiritsa ntchito 5 peresenti ya chuma chawo pa chitetezo. Anatchula Russia popanga chiganizo chimenechi, osati China. A Mbewe, ndikufuna mundiuze ngati boma la Poland kapena la Estonia, limene lili ndi thumba limodzi lokha, liyenera kuchotsa ndalama pa mizinga yotetezera mizinda yake chaka chino n'kuziika pa fakitale yoyengera miyala imene idzayambe kugwira ntchito patapita zaka khumi.